Mamililita Makumi Awiri a Mayi Makiyi

Pa fakitale yopaka nsalu utoto ija, munthu amene Mayi Makiyi sanamukayikirepo ndiye kuti anali asanalembedwe ntchito. Dzinalo anawapatsa ndi anthu a ku makina, chifukwa asanatulukire pakona mumayamba mwamva makiyi akulira m'thumba la gauni yawo yoyera. Analipo asanu ndi awiri: wa chitseko cha labu, wa kabati ya asidi, wa kabati ya magalasi, wa dilowa, ndi ena atatu amene mpaka lero palibe akudziwa kuti ankatsegula chiyani. Ngakhale chigubu cha shuga wa tiyi ankachilemba mzere asanaweruke, kuti m'mawa aone ngati shugayo wayenda usiku. Amuna awo, telala wofatsa wosoka mayunifomu a sukulu, ankauza anzawo kuti kunyumba kwawo mchere umachita kusainira.

Komatu munthu sabadwa ndi makiyi m'manja. Mayiwa analowa mu labu ija ali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi, ntchito yawo ili yotsuka mabotolo. Mwezi wachitatu kunasowa kachipangizo koyezera kutentha, ndipo maso onse anagwera pa wotsuka. Anawasecha chikwama pageti anthu akuonerera, nasolola mpango, chipeso ndi kapaketi ka tiyi kamene mayi awo anawapatsa. Kachipangizoko kanapezeka patapita milungu iwiri kuseri kwa sinki, koma palibe anabwera kudzapepesa. Kuyambira pamenepo anatsimikiza mumtima kuti chala sichidzawalozanso, ndipo njira imene anaipeza inali yoyamba iwo kuloza.

Kemisiti wakale, mkulu wa ndevu zoyera amene ankasuta fodya pawindo, ndiye anaona kuti wotsuka uja ali ndi dzanja losanjenjemera. Anawaphunzitsa kuyeza ndi kusakaniza, koma za m'mabuku sanataye nazo nthawi. Iye ankangonena kuti tenga mwakuti, thira mwakuti, ndipo iwo ankalemba m'kope la chikuto chakuda. Mkuluyo anapuma ntchito, kenako anamwalira, makemisiti ena anabwera n'kupita, koma kope lija linatsala. Zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi zinatha popanda nambala ya Mayi Makiyi imene inabwezedwa, ndipo zimenezi ankazinyadira kuposa ukwati wa mwana wawo wamkazi.

Ntchito yawo yaikulu m'mawa uliwonse inali kuyeza madzi a mu boila, chithanki chachikulu chimene chimawiritsa madzi kuti nthunzi ipite ku makina. Madzi amenewa amathiridwa soda kuti asadye zitsulo, koma soda akachepa mapaipi amachita dzimbiri, akachuluka madzi amachita thovu limene limapita ndi nthunzi n'kukaononga nsalu. Bambo woyendetsa boilayo, amene aliyense ankangomutcha a Boila, ankabweretsa madzi m'kabotolo. Mayi Makiyi ankadontheza mankhwala, madziwo n'kusanduka apinki, kenako ankatsegula kampopi ka chubu chagalasi kuti asidi wosungunula azidontha mpaka pinki uja atazimirira. Asidi akalowa mamililita khumi ndi asanu, ndiye kuti soda ali bwino. Asidi wosungunulayo ankapanga okha chitseko chili chotseka, monga kope linanenera: salifyuliki wa m'botolo lalikulu mamililita makumi awiri, madzi oyera mpaka lita imodzi, palembedwe 0.02 N.

A Boila anali bambo wamtali wosakonda zolankhula, khutu limodzi logontha ndi phokoso la zaka zambiri. Sikuti ankagwirizana kwambiri ndi Mayi Makiyi, popeza mayiwa analibe munthu wogwirizana naye, koma a Boila ndi okhawo amene ankaloledwa kukhala pa kampando ka pakhomo podikira zotsatira.

Zinthu zinayamba kusokonekera mwezi wa mvula. Lolemba lina pinki anazimirira asidi atangolowa mamililita asanu ndi awiri ndi theka. Mayi Makiyi anayezanso kachiwiri, nambala yomweyo. Anayang'ana a Boila pamwamba pa magalasi awo n'kuwafunsa ngati Loweruka anathira soda. A Boila anati anathira monga mwa masiku onse. Mayiwa anangolemba nambalayo ndi cholembera chofiira n'kulamula kuti soda awonjezedwe.

Anawonjezadi. Nambala inakwera, kenako inatsikanso, anawonjezanso. Thumba la soda limene linkatha milungu iwiri linayamba kutha sabata isanathe, ndipo wa ku sitolo ya fakitale anayamba kung'ung'udza. Mayi Makiyi anayamba ndi iyeyo, poganiza kuti mwina akupereka matumba operewera. Anapita kukaimirira pa sikelo, matumba anali odzaza. Anakayikira wogulitsa soda kuti wasakaniza ndi mchere, anakayikira mlonda, anakayikira ngakhale wokolopa kuti amathira madzi a pampopi m'kabotolo ka a Boila. Onsewa anapezeka oyera, ndipo zimenezi zinawakwiyitsa kwambiri.

Tsiku lina a Boila sanakhale pa kampando. Anaima pakhomo, chipewa chili m'manja.

"Mayi, pepani, sikuti ndikutsutsa ntchito yanu," anatero. "Koma madziwa akuterera m'zala ngati sopo. Galasi la pa boila likuonetsa thovu, mpaka ndikumachita kutaya madzi ena kuti likhazikike. Soda uyu wachuluka, sanachepe ayi."

"Zala zanu zili ndi manambala?" anafunsa Mayi Makiyi.

"Ayi, mayi."

"Ndiye zisiyeni zizigwira sipanala."

A Boila anavala chipewa n'kubwerera. Koma mawu akuti sopo anatsala akuzungulira m'mutu mwa mayiwa, chifukwa anakumbukira zimene anamvapo, kuti mkazi wa a Boila amapanga sopo kunyumba. Nanga sopo amapangidwa ndi chiyani, si mafuta ndi soda yemweyu? Loweruka Mayi Makiyi anadzuka ngati wopita kukagula tomato, nazungulira msika wonse mpaka anapeza tebulo la mayi uja. Panali sopo wodulidwadulidwa, wachikasu, mulu wautali ndithu, ndipo anthu ankagula. Anapereka moni mwaulemu, anafunsa za ana, anagula kamtanda kamodzi n'kukakulunga m'pepala. Pobwerera ankayenda mopepuka, ndipo kunena zoona anali wokondwa, monga amakondwera munthu amene wakhala akunena kuti m'nyumba muli khoswe ena n'kumamuseka.

Lolemba anaika kamtanda kaja pa tebulo la Bwana wa fakitale, pambali pa manambala ofiira a milungu inayi. Sananene kuti a Boila ndi wakuba, iwo sankatchula mawu otere. Anangoti soda akutuluka ku sitolo wambiri, mu boila sakufika, ndipo kumsika kuli sopo. Bwanayo, amene anali atatopa kale ndi nkhani ya nsalu zotuluka ndi mathothomathotho, sanafunse zambiri. Madzulo omwewo a Boila anasechedwa pageti, ndipo ngakhale sanawapeze ndi kanthu, anapatsidwa kalata yowaimitsa mpaka tsiku la mlandu, Lachisanu la sabata yotsatira. Aliyense ankadziwa kuti mlandu wotere umathera pa kuchotsedwa ntchito, ndipo munthu wa zaka makumi asanu wochotsedwa chifukwa cha kuba salembedwanso pena. Mayi Makiyi anaonerera kusechako ali pawindo la labu, ndipo anatseka katani kusanathe.

Ku boila kunaikidwa munthu wina wochokera ku makina, ndipo soda ankathiridwa mlonda ataima pomwepo. Mayi Makiyi ankayembekeza kuti nambala ilumpha. Siinalumphe. Inkangokwawa pa khumi ndi zitatu, khumi ndi zinayi, kwinaku thovu likukwera ndipo nsalu zikuonongekabe. Anayamba kuganiza kuti mlonda ndi munthu watsopanoyo agwirizana, ndipo anali atakonza kale zokabisala kuseri kwa matanki kuti awaone.

Chimene chinawaletsa ndi botolo. Lachiwiri m'mawa asidi wosungunula anatha ali pakati pa ntchito, ndipo popeza iwo sankataya kanthu, anakumbukira kuti kumbuyo kwa kabati kuli kabotolo ka asidi wosungunula kotsala ka miyezi yapitayo. Anakathira m'chubu n'kuyamba kudontheza. Khumi ndi zinayi, madzi ali pinki. Makumi awiri, ali pinki. Anagwedeza, anapukuta magalasi, anadonthezabe. Pinki anazimirira pa makumi awiri ndi zisanu ndi zitatu. Anasakaniza asidi watsopano mofulumira, mamililita makumi awiri pa lita monga mwa kope, nayeza madzi omwewo. Khumi ndi zinayi.

Ganizo loyamba linali lachizolowezi: wina walowa muno. Wina wathira chinachake m'botolo kuti awaipitsire mbiri. Anayang'ana loko wa kabati, analibe chokanda. Anayang'ana mzere umene analemba pa botolo lalikulu, asidi anali pomwe anamusiya. Anakhala pansi n'kuyamba kutchula mumtima anthu amene akanatha kugwira kiyi, mmodzimmodzi, kuyambira wokolopa mpaka Bwana. Kiyiyo anali asanachokepo m'thumba mwawo, ngakhale tsiku la maliro a mlamu wawo anapita naye. Kabati imene anaitchinga kwa anthu onse inatsala ndi munthu mmodzi yekha womukayikira.

Anatulutsa botolo lakale la salifyuliki lopanda kanthu, limene analisunganso, n'kuliimika pambali pa latsopano, limene linabwera zinthu zitatsala pang'ono kusokonekera. Lakale linalembedwa 1 N, latsopano 1 M. Si kuti sanaone zimenezi tsiku limene botolo linabwera, mayi amene ankawerenga ngakhale pepala la pa machesi. Anaona, anayang'ana chidindo, anayang'ana tsiku lothera mphamvu, anafunsa wa ku sitolo chifukwa chimene anasinthira kogula. Koma za N ndi M sanade nazo nkhawa, chifukwa kalekale asidi wina, haidulokoloriki, anasinthanso chimodzimodzi, ndipo Kemisiti wakale anangoti ndi zofanana, pitiriza. Anapitiriza ndipo palibe chinalakwika. Soda wa mu labu nayenso anasintha choncho, osalakwika kanthu. Ndiye chikanasiyana n'chiyani tsopano?

Kemisiti amene analipo panthawiyo anali bambo wachinyamata wa digiri, amene ankakhala ku chipinda cha utoto n'kumasaina mapepala a Mayi Makiyi osawawerenga, poti anamuuza tsiku loyamba kuti kabati ya asidi si yake. Kupita kukamufunsa kunali ngati kumeza mwala. Anapitabe nthawi ya tiyi, nanena kuti mwana wa mchemwali wawo ali ndi funso la kusukulu, lakuti kodi N ndi M n'zofanana.

Kemisitiyo anasangalala kuti wafunsidwa kanthu. Anati M ndi molaliti, imawerenga timagulu ta asidi timene tili mu lita, pamene N ndi nomaliti, imawerenga mphamvu imene timaguluto tingagwire nayo ntchito.

"Muuzeni chonchi, mayi," anatero. "M amawerenga anthu, N amawerenga manja. Haidulokoloriki ali ndi dzanja limodzi, ndiye anthu khumi ndi manja khumi, M ndi N zimafanana. Salifyuliki ali ndi manja awiri. Ndiye 1 M ndi 2 N. Ukafuna N uchulukitse M kawiri, ukafuna M ugawe N pawiri."

"Nanga munthu akafuna 0.02 N kuchokera ku 1 M?"

"Mamililita khumi pa lita. Akatenga makumi awiri, asidi wake akhala wamphamvu kawiri, ndipo chilichonse chimene ayeze chizioneka theka." Anaseka. "Ali fomu chani mwanayo?"

Anayankha kuti fomu folo, nathokoza, natuluka. Milungu isanu yonse boila inali ndi soda wokwanira, kenako wopitirira kawiri, ndipo munthu yekhayo amene ananena zoona anali uja wa zala zopanda manambala. Anachita mantha, ndipo pansi pa manthawo panali manyazi amene sanawamvepo chiyambire tsiku la chikwama chija.

Tsono apa mpamene mtima wa munthu umaonetsa ukatswiri wake. Asanafike n'komwe pa chitseko cha labu, njira yothawira inali itapezeka kale. Akangosakaniza mamililita khumi mwakachetechete, nambala ilumpha yokha, soda achepetsedwa, thovu litha, nsalu zikhala bwino. Ndipo aliyense adzati chiyani? Adzati wakuba wachoka, zinthu zalongosoka. Botolo lakale likhoza kupita kudzala. Kemisiti sawerenga zimene amasaina. Panalibe munthu padziko amene akanadziwa.

Anachitadi zimenezo. Lachitatu m'mawa nambala inatuluka makumi awiri ndi zisanu ndi zitatu, ndipo analamula kuti soda ayambe waima. Bwana atamva anabwera yekha ku labu, chinthu chimene sankachita, nawagwira chanza. Anati tsopano soda wayamba kufika kumene amayenera kufika, ndipo fakitale ikanakhala ndi anthu atatu a maso ngati awo sibwenzi ikuluza. Mayi Makiyi anati zikomo. Tiyi wa tsiku limenelo anazizira m'kapu.

Kunyumba amuna awo anaona kuti chakudya chikungotembenuzidwa m'mbale. Anafunsa ngati wina waba kanthu kuntchito, poti nkhope imeneyo ankaidziwa. Mayiwa anati ayi, palibe waba. Telalayo anaimitsa makina ake osokera, chifukwa pa zaka zonse za ukwati wawo anali asanamvepo mkazi wake akunena mawu amenewo. Anamufotokozera zonse, kuyambira botolo mpaka chanza cha Bwana, akuyembekeza kuti mwina awauza kuti zapita zapita. Iye anangofunsa kuti a Boila ali ndi ana angati. Anali anayi, wamng'ono ali sitandade sikisi.

Lachinayi poweruka anadzera kumsika, osadziwanso chimene akukafuna. Tebulo la sopo linali litatembenuzidwa miyendo m'mwamba. Mayi wogulitsa anyezi pafupi anawanong'oneza, mosangalala ndithu, kuti mwini wake wasiya kubwera chifukwa anthu ankamufunsa ngati sopoyo ndi wa soda wa kufakitale, ena mpaka kubweza amene anagula kale. Anawonjeza kuti iye ankadziwa kalekale kuti banja limenelo lili ndi kanthu. Mayi Makiyi anamva mawu awo omwe akutuluka m'kamwa mwa munthu wina, ndipo sanawakonde.

Lachisanu mlandu unali m'chipinda cha misonkhano. Panali Bwana, mayi wa ofesi yolemba anthu ntchito, Kemisiti, ndi a Boila atavala jekete la kutchalitchi limene linkawathina m'mapewa. Bwana anayamba ndi kunena kuti manambala a sabata ino akulankhula okha. Mayi Makiyi anaimirira asanaitanidwe, natulutsa mabotolo awiri m'katoni n'kuwaika patebulo.

"Manambalawo ndi anga, bwana, ndipo ndi abodza," anatero. "Botolo linasintha kuchoka pa N kupita pa M, ine ndinapitiriza kutenga makumi awiri m'malo mwa khumi. Soda sanabedwe. Yense analowa mu boila, ndipo ndinalamula ndine. Ndinazindikira Lachiwiri, ndinakonza mwakachetechete, ndipo Lachitatu munandigwira chanza ine ndili chete."

Kemisiti anatenga botolo latsopano, analiwerenga, nayang'ana mayiwa, ndipo zinaoneka kuti wamuzindikira mwana wa fomu folo uja. Bwana anafunsa kawiri ngati akumvetsa zimene akunena, poti nsalu zoonongeka zinali zambiri. Anati akumvetsa. A Boila, chifukwa cha khutu lija, anachita kupempha kuti awabwerezere, ndipo Mayi Makiyi ananenanso zonse kachiwiri mokweza, atayang'ana kwa iwo.

Sanawachotse ntchito. Anawapatsa kalata ya chenjezo lomaliza, yoyamba pa moyo wawo, ndipo kunalamulidwa kuti asidi aliyense azisakanizidwa Kemisiti ali pomwepo. Nkhani inafika ku makina tsiku lisanathe, ndipo anthu amene anakayikiridwapo, kutanthauza fakitale yonse, anaidya bwino nkhaniyo. Wa ku sitolo ankati akakumana nawo amafunsa mwaulemu kuti lero tili pa N kapena pa M. Iwo ankangodutsa.

A Boila anabwerera Lolemba. Anafika ndi kabotolo kawo nthawi yake, nagogoda ngakhale chitseko chinali chotsegula. Mayi Makiyi anali atakonzekera mawu usiku wonse wa Lamlungu, koma atatuluka anali ochepa. Anati akupepesa, analakwa, ndipo ngati n'kotheka akufuna kupita kunyumba kukapepesanso kwa mayi.

A Boila anaika kabotoloko patebulo mosamala.

"Ndamva, mayi, ndipo zikomo kuti munanena. Ena sakananena," anatero. "Kunyumba musavutike, mayi a ana sakufuna kuona munthu wa kuno. Za botolozo ine sindikukuimbani mlandu, aliyense amalakwitsa. Chimene chikundipweteka n'chimodzi. Tsiku lija ndinakuuzani kuti madzi akuterera. Botolo lanu linali apa, mukanangotambasula dzanja. Inu munayenda mpaka kumsika."

Mayi Makiyi anatenga kabotolo kaja. Anathira madzi aja m'galasi, anadontheza mankhwala, ndipo kwa nthawi yoyamba anachedwa kutseka kampopi mpaka asidi anapitirira. Anataya, natsuka galasi, napempha a Boila kuti akatungenso ena.